Achimwene ndi takosi za ku Liverpool

Mwana wanga anandiuza za mnyamatayo ndili m'basi, ndikuchokera ku shifiti ya m'mawa kunyumba yosamalira okalamba kumene ndimagwira ntchito kuno ku Bradford. Ana a masiku ano nkhani yaikulu amangoiponya pafoni ngati akufunsa ngati mchere ulipo m'nyumba. Anati pali munthu amene amagwira naye ntchito pachipatala ku Liverpool, kwawo ndi ku Mexico, ndipo akufuna kumukwatira. Ine ndinafunsa kuti Mexico ili mbali iti, ndipo pamene ankandilongosolera basi inandipitiriza siteji yanga.

Mwanayu ndinabwera naye kuno ali wamng'ono, bambo ake atamwalira. Chichewa amamva chonse, ngakhale chonong'ona, koma poyankha amayankha m'Chingerezi. Ndi namwino, ndi wa mtima wabwino, ndipo makani ake ndi a malemu bambo ake enieni. Mnyamatayo nditamuona ndinamukonda. Ndi wofatsa, amamvetsera munthu mpaka amalize kulankhula, ndipo akamamuyang'ana mwana wanga nkhope yake imachita kuwala. Zikanakhala za ine ndekha, nkhani ikanathera pomwepo.

Koma kwathu mwana wamkazi sakwatitsidwa ndi mayi ake. Mwini mbumba ndi malume, ndipo malume a mwana wanga ndi achimwene anga aakulu amene amakhala ku Newcastle. Ndi alonda pamalo ena a maofesi, ndi mkulu wa mpingo wawo wosunga Sabata, ndipo ndi munthu woti akati ayi, ngakhale mvula imaganiza kawiri isanagwe. Ndi iwo amene anandigwira dzanja pamene ndinafika kuno ndi kamwana kumsana, osadziwa ngakhale kokwerera basi. Iwo akakana, ndiye kuti chinkhoswe palibe, ndipo palibe wachibale, wa kuno kapena wa ku Ntcheu, amene angaponde paukwatipo.

Mwana wanga zimenezi ankazidziwa, ndipo anandiuziratu maganizo ake osapsatira. Anati amalume ake amawalemekeza, koma akakana, iye ndi mnyamatayo akalembetsa ukwati ku ofesi ya boma, mboni akatenga anzawo a kuntchito. Mawu amenewo anandisowetsa tulo. Ndili ndi anzanga kutchalitchi amene ana awo anakwatira choncho. Palibe amene anakangana ndi mnzake, koma lero zidzukulu zawo amaziona pafoni. Ine ndili ndi mwana mmodzi yekha, ndipo ndinkaopa kumutaya.

Achimwene ndinawauza pafoni. Iwo anati, "Ndimuone kaye, ndionenso anthu akwawo." Mwamwayi mayi ake a mnyamatayo anali atabwera kuchokera ku Mexico kudzacheza kwa mwana wawo. Tinagwirizana kuti tikakumane Lamlungu masana ku Liverpool, kunyumba kwa mnyamatayo, ndipo mayiwo atiphikira chakudya chakwawo.

Dzina la chakudyacho limavuta pang'ono pakamwa pa Mchewa. Ukachitchula chimodzi zimamveka ngati watukwana, ndipo ukati uchulukitse mwa Chichewa ndiye zimaipiratu. Choncho ine ndimangoti takosi, n'kupitiriza ulendo. Ndi timikate topyapyala ta ufa wa chimanga, tozungulira, tokula ngati chikhato, timene iwo amati totiya. Pamwamba pake amaikapo nyama yoduladula ndi zokometsera, n'kupinda pakati, n'kudya ndi manja. Panthawiyo n'kuti zonsezi ndisanazione ndi maso.

Mkati mwa sabata mwana wanga anaimba kufunsa kumene ndimagula zam'kati, chifukwa mayiwo ankafuna lilime la ng'ombe ndi nyama ya m'masaya. Ndinaima pakati pa msewu. Ndinati, "Lilime la chiyani? Amalume ako akubwera koyamba. Auze aphike nkhuku." Iye anaseka. Anati mayiwo poyamba ankafuna kuphika nkhumba, chifukwa ndi imene amaidziwa bwino: ina yophika pang'onopang'ono m'mafuta ake omwe pamodzi ndi malalanje, ina yodula mopyapyala, yoviika mu tsabola wofiira n'kuiwotcha ndi chinanazi. Atamva kuti amalume sadya nkhumba, anasintha n'kusankha nyama imene kwawo amaphika paukwati ndi paubatizo. Pa zonsezo ine ndinangomvapo chimodzi, choti nkhuku kulibe. Komabe ndinapita ku butchala ya Apakisitani pafupi ndi kwathu, ndinagula malilime ndi masaya, ndipo mwana wanga anadzatenga Lachisanu atapuma kuntchito. Mwini butchala anandifunsa ngati kuli phwando. Ndinati sindikudziwa, mwina maliro.

Lamlungu ndinakumana ndi achimwene pasiteshoni ku Liverpool. Anali atavala suti yakuda ya Mgonero, taye, ndi chipewa. Alamu anali pa shifiti, choncho anabwera okha. M'basi anandiuza kuti m'mawa sanadye kanthu, chifukwa munthu wopita kwa eni ayenera kusiya malo m'mimba kuti asachititse manyazi wophika. Ine mtima unali m'mwamba moti sindinaone ngakhale mtsinje wa mumzindamo uja aliyense amaukamba.

Nyumbayo inali imodzi mwa zija za njerwa zofiira, zogundizana mzere wonse, zopapatiza ngati bokosi la machesi. Mnyamatayo anatsegula chitseko, anawerama pang'ono n'kunena kuti, "Muli bwanji, amalume?" Anali ataphunzitsidwa bwino, ndipo ndinaona achimwene akugwedeza mutu kamodzi. Kumbuyo kwake kunatulukira mayi wamfupi, wa imvi zapatalipatali, atavala epuloni. Anandikumbatira, anandipsompsona patsaya, kenako analunjika kwa achimwene manja ali tambalale. Achimwene anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda khoma, n'kupereka dzanja lamanja, lamanzere atagwira pachigongono. Mayiwo analigwira ndi manja awiri akulankhula zambirimbiri m'chinenero chawo. Chingerezi chawo chinali cha mawu owerengeka.

Fungo linali ponseponse. Nyama yophika nthawi yaitali, adyo, tsabola wowotcha, ndi kafungo kena ngati ka chimanga chokazinga. Anatilowetsa m'chipinda chochezera chakumaso. Achimwene anakhala pansi, anaika chipewa pabondo, anakonza kukhosi kuti ayambe malonje mwa dongosolo lake, kuyambira za ulendo mpaka za odwala akumudzi. Asanatsegule pakamwa, mayiwo ananunkhiza m'mwamba, anafuula kanthu, n'kuthamangira kukhitchini. Achimwene anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kapeti.

Posakhalitsa mnyamatayo anabwera akumwetulira. M'Chingerezi anati zonse zapsa, tibwere kukhitchini. Achimwene anayankha mwaulemu wonse kuti zikomo, asavutike, ife tili bwino pompano.

Apa ndiyenera kunena zoona, kuti inenso yankho limenelo ndinaliona lolondola. Kwathu mlendo salowa kukhitchini kwa eni, makamaka bambo wamkulu amene wabwera pa nkhani ya banja. Amakhala pamene amukhazika. Madzi osamba m'manja amamupeza pomwepo, mbale zovundikira zimabwera, eni nyumba amati zikomo n'kutuluka kuti mlendo adye momasuka. Munthu wakwathu akati musavutike, wophika amadziwa kuti nthawi yobweretsa mbale yakwana. Ndiye tinakhala, ine ndi achimwene, manja pamiyendo, kudikira madzi.

Madzi sanabwere. Kukhitchini kunkamveka kuseka ndi kulira kwa mafuta, kenako kusekako kunachepa. Mnyamatayo anabweranso ndi matambula a chakumwa chofiira chozizira. Nditalawa ndinadabwa kuti chinali chidede, chomwe chija timathira mu ndiwo kumudzi, iwo anachisandutsa chakumwa. Anatipemphanso kuti chonde tibwere, mayi ake akudikira. Achimwene anayankha mawu omwe aja, koma ulendo uno anali ozizira kuposa chidedecho. Mwana wanga anaonekera pakhomo kumbuyo kwa mnyamatayo, akunditsinzinira ndi kundikodola ndi mutu. Ine ndinamutuzulira maso kuti bweretsani chakudya, mukuchedwa. Aliyense wa ife anachoka pamenepo akuganiza kuti mnzake wamva.

Nthawi inapita. M'mimba mwa achimwene munalira mokweza, ndipo tonse awiri tinachita ngati ndi galimoto yodutsa panja. Anayang'ana zithunzi za pakhoma chimodzichimodzi, anayang'ana wotchi yawo, anapukuta chipewa chimene chinalibe fumbi. Kukhitchini tsopano kunali zii.

"Mlongo," anatero motsitsa mawu, "anthu awa atiitanira fungo?"

"Mwina akumalizitsa, achimwene."

"Anati zapsa kalekale. Ine ndachoka ku Newcastle m'mawa. Ngati akutilandira chonchi lero pamene akufuna mwana wathu, akadzamutenga zidzatha bwanji?" Anaika tambula pansi mosamala kwambiri. Ndimawadziwa achimwene, akayamba kuika zinthu mosamala ndiye kuti mlandu waweruzidwa kale. "Tiyeni tizipita. Sitima yotsatira tiipeza."

Ndinaona ofesi ya boma ija, mwana wanga ataima pakati pa anthu osawadziwa, ine ndili ku Bradford ndikudyetsa phala nkhalamba za eni. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinapempha kuti andidikire pang'ono ndikataye madzi, ndipo nditatuluka ndinalunjika kukhitchini.

Zimene ndinapeza sindinaziyembekezere. Mayi aja anali atakhala pa kampando, epuloni ili kumaso, mapewa akugwedezeka. Mnyamatayo anali atagwada pambali pawo. Pakona ya tebulo panali mulu wa totiya zouma, zopindika m'mphepete, zimene anaziphika n'kuzisiya. Mwana wanga anandikokera pafupi ndi fuliji n'kuyamba kundikalipira monong'ona.

"Mum, mukuchita chiyani? Mwakana kawiri. Mayiwa ayamba kuphika dzulo. Akuti kwawo munthu akakana kudya chakudya chako ndiye kuti wakuyankha kale."

"Takana ndife? Tikudikira mbale. Amalume ako avala chipewa."

"Mbale zanji?"

Mnyamatayo ndiye anandilongosolera, modekha. Anati takosi si chakudya chodikira munthu. Totiya imachoka pamoto, nyama imagwerapo, n'kulowa m'dzanja la wakudya nthawi yomweyo. Ikangozizira imasweka ndipo mafuta a nyama amagwirana. Kwawo aliyense amaima mozungulira wophika, agogo, ansembe, alendo olemekezeka, ndipo mlendo wamkulu ndiye amaima pafupi kwambiri kuti alandire yoyamba. Kupititsira munthu mbale kuchipinda china kuti akadye yekha amachitira wodwala, kapena munthu amene simukumufuna pakati panu. Anati sakanayerekeza kuwachita zimenezo amalume.

Ndinatembenukira kwa mwana wanga. "Iwe, wakula ukuona mmene ndimawalandirira amalume ako kunyumba. Sunawauze?"

"Ndimaganiza kuti ndi mantha anu chabe," anatero.

Ndikanakhala ndi nthawi ndikanamutsina khutu, unamwino wakewo uli apo. Koma maso anga anali atayamba kuona khitchiniyo. Pamoto panali chiwaya chophwatalala chopanda mafuta. Pambali pake panali kachitsulo kokhala ndi chogwirira, kophwanyira timibulu ta ufa kuti tikhale topyapyala. Nyama ya m'masaya ija inali m'masamba a nthochi, yofewa moti inkagawanika yokha. Pambuyo pake ndinadzamva kuti kwawo amaikulunga m'masamba a chomera chofanana ndi khonje n'kuikwirira m'dzenje la makala, koma kuno dzenje ungalikumbe pati, ndiye anaiphika mu uvuni pa moto wochepa. Lilime anali ataliwiritsa ndi anyezi ndi adyo, kulisenda, kuliduladula, ndipo linkangodikira kukazingidwa. Mumphika wina munali nyama ya nkhosa mu msuzi wofiirira wa tsabola wouma, uja wamkulu wamakwinya amene amayamba amuviika m'madzi otentha asanamupere. Ndiye timbale ting'onoting'ono: anyezi wodula bwino, masamba onunkhira aja amwenye amati daniya, mandimu obiriwira, mapeyala opota, tsabola wopera wofiira ndi wobiriwira. Munthu amene sakukufuna sangakukonzere zonsezo. Ndinamva manyazi ndi chisoni nthawi imodzi.

Ndinazindikiranso kuti zimenezi kwathu tili nazo. Ndi pa chiwaya, pamene anthu amaima mozungulira kanyenya n'kumatola yotentha. Kungoti kwathu pa chiwaya sitilandirirapo akuchikazi. Ndikanapita kukawauza achimwene kuti bwerani mudzaime pa chiwaya ndi suti ya Mgonero, akanafika ku Newcastle wapansi.

Ndinafunsa beseni. Munalibe. Ndinatenga mbale yaikulu yokandiramo ufa, ndinathira madzi ofunda mu ketulo, ndinakoka kansalu koyera, zonse n'kumupatsa mwana wanga.

"Pita ukawasambitse m'manja. Ukagwade."

"Mum, seriously?"

"Mawondo onse awiri. Ngati mwamunayu ukumufuna, thamanga."

Kenako ndinawagwira mayi aja paphewa. Chinenero chotigwirizanitsa panalibe, ndiye ndinaloza chiwaya, ndinaloza lilime, ndinaimika chala chimodzi, n'kuloza kuchipinda chochezera. Ndinasankha lilime chifukwa kwathu ng'ombe ikaphedwa, za kumutu zimapita kwa akuluakulu. Mayiwo anandiyang'ana ndi maso ofiira, anapukuta nkhope, n'kuimirira. Manja awo anayamba ntchito okha mwini wake asanasiye kusisima.

Nditabwerera ndinapeza achimwene ataimirira, chipewa chili kumutu. Koma pakhomo penipeni panali patagwada mwana wanga, mbale ili pansi, ketulo ili m'manja, mutu ataweramitsa. Kagwadidwe kake kanali ka munthu wofuna ndolo imene yagwera pansi pa mpando, koma kugwada kunali kugwada ndithu. Munthu wamkulu sangalumphe mwana amene wamugwadira ndi madzi. Achimwene anaima kanthawi, kenako anakhala pansi pang'onopang'ono, anakwinya manja a jekete, n'kutambasula zikhato. Mwana wanga anathira madzi, ena n'kutayikira pa kapeti.

Asanamalize n'kupukuta komwe, mayi aja anatulukira akuthamanga, opanda mbale, opanda thireyi, takosi ili pachikhato ikufuka nthunzi. Anaiika m'dzanja la achimwene, anawapinditsa zala ndi manja awo, ananena liwu limodzi m'chinenero chawo, n'kupendeketsa mutu kuwaonetsa kadyedwe kake. Achimwene anayang'ana uku ndi uku kufuna poika. Tebulo linali kutali, mbale panalibe, ndipo msuzi unali utayamba kutsetsereka padzanja kulunjika ku malaya oyera. Malo otsala anali pakamwa basi.

Anatafuna nthawi yaitali. M'chipindamo munalibe wopuma. Ine ndinkapemphera pemphero lopanda mutu, longoti Ambuye, Ambuye.

"Ili ndi lilime?" anafunsa akuyang'ana ine.

"Lilime, achimwene."

"La ng'ombe?"

"La ng'ombe. Ndinagula ndekha."

Anangoti, "Mmm," n'kumaliza chotsalacho. Mayiwo anali atathamangira kale kukhitchini, ndipo anabwera ndi ina, ya masaya. Imeneyonso inatha. Pobwera ulendo wotsatira anali akupuma mwawefuwefu, ndipo ndinaona kuti akutsimphina, bondo limodzi linali lovuta. Achimwene nawo anaona.

"Mayiwa akuthamangiranji chonchi?"

Ndinawauza zonse, mwachidule, maso ali pansi. Kuti chakudyachi chikazizira chimawonongeka, kuti kwawo mlendo wolemekezeka amaima pafupi ndi wophika, kuti mayiwa ndinawapeza akulira chifukwa ankaganiza kuti tabwera kudzakana mwana wawo.

"Ine sindinakane kanthu. Ndinati asavutike."

"Ndiye akuvutikatu, achimwene."

Sindinawayankhepo choncho chibadwire, ndipo nditanena ndinadikira kuti denga ligwe. Iwo anayang'ana mayi aja, amene anali ataima pakhomo dzanja lili pabondo, akumwetulira mwamantha. Anavula chipewa n'kuchiika pampando. Anaimirira, anakonza jekete, n'kunena m'Chingerezi chawo cha kuguwa kuti mayi atsogole.

Ine ndakula ndi achimwene, ndipo ndinali ndisanawaonepo m'khitchini ya munthu aliyense, ngakhale yawo yomwe. Alamu mpaka lero amati ndimanama. Anaima pakati pa fuliji ndi sinki, taye atailowetsa m'malaya, ndipo mnyamatayo anawaonetsa dongosolo lake: nyama kaye, kenako anyezi ndi masamba, tsabola, n'kufinyira ndimu pamwamba. Poyamba ankagwira ngati agwira kalata ya kukhoti. Pofika pa nyama ya nkhosa anali akudziikira okha, ndipo anawerama kutsogolo kuti msuzi uzidonthera pansi, monga amachitira aliyense amene anaimapo pa chiwaya ali mnyamata, ngakhale atakula n'kukhala mkulu wa mpingo.

Analawa tsabola wobiriwira, analawa wofiira, n'kupukusa mutu. "Tsabola wawoyu ndi waulemu kwambiri," anatero. Anapisa dzanja m'thumba la mkati la jekete n'kutulutsa kabotolo ka kambuzi, kamene amayenda nako kulikonse chifukwa chakudya cha kuno amati chimakoma ngati pepala. Ine ndinafuna kulowa pansi. Koma mayi aja analanda kabotoloko, anatsegula, ananunkhiza, maso n'kutuzuka. Anatchula dzina lina, ndipo mnyamatayo anati kwawo kulinso tsabola wa fungo lomweli. Anadonthezera pa totiya, analuma, anatsokomola mpaka misozi, kenako anaseka n'kuwamenya achimwene pamkono. Ndinagwira pakamwa. Achimwene samenyedwa pamkono. Iwo anayang'ana pamene amenyedwapo, n'kuyamba kuseka nawonso, kuseka kuja kwa pansipansi kumene ndinakumva komaliza tili ana.

Mafunso awo anawafunsira pomwepo, ali chiimire, pakati pa takosi ina ndi inzake. Bambo ake a mnyamatayo ali kuti, amapemphera kuti, ntchito yake ndi yokhazikika kapena ayi, akadzakangana ndi mkazi wake adzapita kwa ndani. Mnyamatayo anayankha zonse osabisa, ngakhale zimene ndinkadziwa kuti achimwene sazikonda, monga za mpingo wake. Anafunsanso za ufawo, chifukwa chiyani ukugwirana chonchi pamene wathu umayoyoka. Atauzidwa kuti chimangacho amayamba achiphika m'madzi a laimu kapena a phulusa, anatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Wamva? Chidulo." Ananena ngati anthu a ku Mexico anachita kudzaphunzira ku Ntcheu.

Atakhuta anapukuta zala chimodzichimodzi. Kenako, osayang'ana munthu aliyense, analankhula m'Chichewa ngati akuuza fuliji.

"Pachinkhoswe nkhuku ikhalepo, imeneyo sitisintha. Koma mayiwa adzabwerenso ndi chiwaya chawochi. Ndipo mnyamatayu andipatse nambala ya amalume ake."

Atatero anatambasula dzanja kuti awaikire ina ya masaya, yomaliza.

Ndinatsegula chitseko chakumbuyo n'kutulukira pa kabwalo kakang'ono kamene amaikapo mabini. Kunja kunkawaza kamvula, ndipo mbalame za kunyanja zinkalira pamadenga. Ndinakhala pa sitepe n'kulira. Sikunali kulira kwa chisoni. Mtima umene ndinaunyamula m'manja kuyambira tsiku la m'basi lija unali utabwerera m'malo mwake, ndipo thupi silinadziwe chochita china. Ndinapuma mpweya wonse mpaka pansi pa mimba.

Chitseko chinatseguka, mwana wanga n'kutuluka, nkhope ili gwa. Anandipeza ndikulira ndipo anaganiza zoipa.

"Ndiye akuti chiyani? Adzayankha liti?"

"Ayankha kale."

"Liti? Ine ndangomva za nkhuku."

"Mwana iwe, munthu amene akukana sakamba za nkhuku ya pachinkhoswe. Avomera."

Anandiyang'ana, anayang'ana chitseko, anandiyang'ananso. Kenako anakhala pansi pambali panga, pa sitepe yonyowayo, ndi diresi lake labwino. Anayamba kupotokola mphete ya makiyi.

"Mum, tsiku la ku ofesi tinasungitsa kale. Mwezi wamawa."

Ndinapukuta maso n'kumuyang'ana.

"Sindikanakuuzani mpaka zitatha. Mukanalira."

"Nanga panopa ndikutani?"

Anaseka, ndipo kusekako kunasanduka kulira. Anatulutsa foni kuti afufute tsikulo nthawi yomweyo, koma ankangodina polakwika. Ndinamulanda foniyo n'kuiika m'thumba la juzi yanga. Ndinati za ofesi ndi za mawa, lero akhale kaye pompa. Anatsamira mutu paphewa langa. Apo m'pamene ndinadziwa kuti ukwati wa mwana wanga ndikanaumva kwa anthu.

Patapita kanthawi chitseko chinatsegukanso. Anali mayi aja, akutsimphina, takosi ili pachikhato. Pa anthu onse m'nyumbamo, iwo okha ndi amene anaona kuti ine sindinalawe kanthu. Anaiika m'dzanja langa, anandipinditsa zala, n'kuima pomwepo pamvula kudikira kuti ndilume. Ndinadya ndi dzanja limodzi, chifukwa linalo mwana wanga anali ataligwira ndipo sankafuna kulisiya.